MBIRI YA LIPENGA LOBWEREKA

Aphunzitsi anzanga a kumidzi,

Sukulu imene ndiphunzitsapo iri kufupi ndi Lilayi, kumwera kwa mzinda wa Lusaka, mukapatuka pang'ono pa mseu wopita ku Kafue. Ku Lilayi ndiko kuli sukulu ya apolisi, imene inasamukira kumeneko kucokera ku Livingstone m'caka ca 1955. Tsiku limene apolisi atsopano atsiriza maphunziro ao pamakhala perete, ndipo mphepo ikaomba bwino mau a malipenga ndi ng'oma amafika mpaka m'kalasi mwathu. Tsiku lotero mphunzitsi angolankhula yekha, pakuti ana matupi ali pa mabenchi koma makutu ali ku bwalo la perete. Poweruka ndimaona anyamata atathyola mapesi a papaya, alikuguba pamzere masaya atafufuma, wina patsogolo alikuponya ndodo m'mwamba, wina pambuyo alikuomba cigubu cakale.

Nditangofika pa sukuluyi, tsiku lina posesa m'cipinda cosungiramo mabuku ndinapeza bokosi la matabwa lokhoma ndi loko. Atanditsegulira ndinaonamo malipenga atatu a mkuwa, zitoliro khumi ndi ng'oma yaing'ono imodzi. Inali mphatso imene abwenzi a mpingo a kutsidya kwa nyanja anatumiza kalekale, ine ndisanapite ku sukulu ya uphunzitsi. Malipenga anali atada bii, timabatani tace titauma gwa, ndipo cikopa ca ng'oma cinali citabooledwa ndi tizirombo. Ndinafunsa cifukwa cace zinthu zokoma zotere zinagonekedwa m'bokosi, ndipo mkuru wina anandiyankha mofatsa kuti, "Aphunzitsi, ana angaononge. Kodi simudziwa kuti nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka?"

Mau amenewa anandibvuta masiku ambiri, pakuti si mau opusa ai. Amene anakhoma bokosi sanabe kanthu. Anasunga mokhulupirika cimene anamsungiza. Koma kunja ana analikuimba mapesi a papaya, m'kati malipenga enieni analikuonongeka okha mumdima. Cifukwa ca ici ndinayamba kufunsa akuru ndi kuwerenga mabuku, kuti ndidziwe umo zoimbira zinafikira m'manja mwa ana masiku akale. Cimene ndinapeza ndi ici: oimba ambiri amene maina ao anamveka anayambira pa coimbira ca mwini wina, amene analola kuti mwana acigwire. Ndikhulupira kuti mabokosi onga lathu alipo m'masukulu enanso a mishoni, ndico cifukwa cace ndalemba mbiri iyi.

KALE M'MIDZI YATHU

Kubwereketsa coimbira si mwambo wacilendo kwa ife. Palibe mwana wa m'mudzi amene anali ndi ng'oma yaceyace. Ng'oma zinali za eni gule kapena za mudzi wonse, ndipo zikafunika pa maliro, pa cinamwali kapena pa ukwati m'mudzi wina, anthu amapita kukabwereka, nabweza mwambo utatha. Mnyamata amaphunzira pakukhala pafupi ndi woomba, kumnyamulira ng'oma ndi kumsonkhera moto wowambira cikopa, kufikira tsiku limene mkuru atopa namuuza kuti, "Tagwira apa." Kalimba, bangwe ndi kaligo anyamata amaphunzirira pa za atsibweni ao kapena za akuru ao, madzulo mwini atapumula. Mwana akadula nsambo amadzudzulidwa ndithu, koma pomwepo amaonetsedwa kamangidwe ka ina. Motero kuimba ndi kukonza linali phunziro limodzi.

AMISHONI NDI NYIMBO ZA PAKAMWA

Amishoni a Dutch Reformed Church anafika ku Mvera m'caka ca 1889 ndi ku Magwero, kufupi ndi Chipata, m'caka ca 1899. Ansembe a White Fathers anamanga ku Mua mu 1902 ndi ku Kachebere mu 1903. Kuli konse kumene anatsegula sukulu, nyimbo inalowa pamodzi ndi kuwerenga, koma zoimbira zinali zosowa. Pa mishoni yaikuru pokha ndipo pamapezeka limba lopopa ndi mapazi, ndipo mwana wa sukulu sanali kulikhudza wamba. M'masukulu a kumidzi aphunzitsi anatsata njira ya tonic sol-fa, ija ya do, re, mi, imene mbusa John Curwen anafalitsa ku England kuyambira zaka za m'ma 1840, atatengera nzeruyo kwa mai Sarah Glover. Njira imeneyi ifuna coko, bolodi ndi pakhosi basi, ndipo tiyenera kuiyamika, pakuti makwaya athu onse anakulira m'menemo. Enoch Sontonga, mphunzitsi wa sukulu ya mishoni ya Methodist kufupi ndi Johannesburg, anapeka m'caka ca 1897 nyimbo ija imene maimbidwe ace dziko la Zambia linawatenga mu 1964 kukhala a nyimbo ya pfuko. Anali mphunzitsi wa ana monga inu ndi ine.

Koma panali cotayika. Amishoni ambiri anayesa ng'oma cinthu cacikunja, naikaniza m'chalichi ndi m'sukulu momwe. Mwana anasiya ng'oma ya kwao pakhomo pa sukulu, ndipo m'kati sanalandire kanthu kena m'malo mwace. Si onse anaganiza cotero. Bambo A. M. Jones, wansembe wa Anglican amene anatsogolera St Mark's College ku Mapanza kuyambira 1929 kufikira 1950, anakhala pansi ndi oomba ng'oma ndi oimba kalimba a dziko lino, nalemba maimbidwe ao mosamala, ndipo buku lace lalikuru la nyimbo za Africa linasindikizidwa mu 1959. Koma anthu onga iye anali owerengeka, ndipo kwa zaka zambiri manja a mwana wa sukulu anakhala opanda coimbira.

MALIPENGA A ASILIKARI

Lipenga la mkuwa anthu athu ambiri analimva poyamba kwa asilikari. Gulu la King's African Rifles linakhazikitsidwa m'caka ca 1902, ndipo ambiri a asilikari ace anali a ku Nyasaland. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene akuru amaicha nkhondo ya Ciwaya, zikwi zambiri za amuna a ku Nyasaland ndi Northern Rhodesia zinapita, ena asilikari, ena amtengatenga. Nkhondoyo inathera m'dziko lathu lino, pamene mkuru wa asilikari a Germany, von Lettow-Vorbeck, anapereka zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 November 1918. Amene anabwerera kwao anabwera ndi gule wa beni, amene anayambira ku gombe la nyanja ya mcere, ku Mombasa ndi ku Lamu, ndipo dzina lace licokera ku mau a Cingerezi onena gulu la oimba malipenga. Mwa gule ameneyu munaturuka malipenga a Atonga a ku Nkhata Bay, mganda wa Atumbuka ndi Acewa, ndi kalela wa ku migodi.

Taonani cimene anthu anacita. Malipenga a Boma anali a Boma, ndipo munthu wa kumudzi sakadawabwereka. Potero anatenga zikho zazitali, naziboola, namatapo mvema, kakhungu kaja koyera ka kangaude, ndipo poimbira m'menemo mau amanjenjemera monga a lipenga. Ku Luanshya, kumene J. Clyde Mitchell anaonerera gule wa kalela nalemba buku lace la 1956, anyamata anakunga zikopa za ng'ombe pa migolo ya mafuta ya magaloni 44, nizikhala ng'oma zao. Mapesi a papaya a ana anga a ku Lilayi ndiwo adzukulu a zikho zimenezo.

Njala ya zoimbira inakula pamene wailesi inafika. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka, Central African Broadcasting Station, inali kuulutsa mau m'zinenero zathu, ndipo kuyambira 1949 kawailesi kochipa konga poto, kochedwa Saucepan Special, kanalowa m'makomboni ndi m'midzi. Anyamata anamva gitala wa Alick Nkhata, napita kukatola zitini za mafuta, matabwa ndi mawaya, nasema mabanjo ao. Ku Chileka, kufupi ndi Blantyre, anyamata apacibale Daniel ndi Donald Kachamba anayenda m'miseu ndi gitala, citoliro ca citsulo ndi babatoni wa cingwe cimodzi, kufikira katswiri wa nyimbo Gerhard Kubik anawapeza m'caka ca 1967, nyimbo zao nizimveka ku Ulaya. Koma pa Kachamba mmodzi amene anapezedwa, ndi angati anatsirizira pa citini, luso lao nilifera pomwepo?

Khomo limodzi lolowera ku lipenga leni leni linali bandi ya asilikari kapena ya apolisi. August Musarurwa wa ku Southern Rhodesia anagwira nchito ya upolisi naimba m'bandi ya apolisi asanachuke ndi nyimbo yace ya Skokiaan, imene inazungulira dziko lonse m'caka ca 1954. Koma khomo limeneli linali la amuna akuru obvala yunifomu. Mwana wa Standard 4 sakadalowapo.

MALIPENGA A MPINGO

Amene anatsegulira ana khomo ndiyo mipingo. Mu 1878 mmisiri wina wa ku Salisbury ya ku England, Charles Fry, pamodzi ndi ana ace amuna atatu, anayamba kuperekeza alaliki a Salvation Army m'miseu ndi malipenga, ndipo posacedwa mpingowo unadzala ndi mabandi, a akuru ndi a ana omwe. Mu 1883 William Alexander Smith, mphunzitsi wa Sande sukulu ku Glasgow, anayambitsa Boys' Brigade pofuna kugwira anyamata osamvera ndi perete, ndipo perete anaitana ng'oma ndi malipenga. M'magulu otere munakhazikika mwambo umene ufanana ndi wa ng'oma za m'mudzi: lipenga ndi la gulu. Mnyamata alandira lipenga, alisunga masiku onse amene afika ku maphunziro, ndipo akakula kapena kusamuka alisiyira mng'ono wace. Makolo osauka sagula kanthu, ndipo lipenga limodzi litha kulera mibadwo ingapo ya anyamata.

Mwambo umenewu unafika kuno pamodzi ndi mipingoyo. A Salvation Army anatsegula mishoni ya Chikankata, m'dera la Mazabuka, m'caka ca 1945, ndipo mabandi a Boys' Brigade tiwadziwa bwino m'mipingo monga United Church of Zambia, poguba pa masiku akuru. Mukafunsa mnyamata ali yense wa m'mabandi amenewa ngati lipenga lace anagula, adzakusekani.

LIPENGA LIMENE LINAOLOKA NYANJA

Tsono ndifotokoze nkhani imene inandigwira mtima kopambana zonse. Iyambira ku New Orleans, m'dziko la America. Usiku wotsiriza wa caka ca 1912 mnyamata wosauka wa zaka 11, Louis Armstrong, anaomba mfuti m'mwamba mumseu pokondwerera caka catsopano. Apolisi anamgwira, ndipo anatumizidwa ku nyumba yosungirako anyamata akuda opulupudza, yochedwa Colored Waif's Home. Kumeneko kunali bandi yaing'ono ndi mphunzitsi wace, Peter Davis. Poyamba Davis sanamkhulupire mnyamatayo, cifukwa ca mbiri yoipa ya dera limene anacokera. Anayamba kumpatsa zoimbira zazing'ono, pambuyo pace ng'oma, ndipo ataona khama lace anampatsa lipenga. Lipengalo linali la nyumbayo, losati la mnyamata. Poturuka mu 1914 Armstrong anali atatsogolera kale bandi ya anzace, ndipo atakula anakhala woimba lipenga womveka pa dziko lonse lapansi.

Zaka makumi anai zitapita, ku Johannesburg kunali wansembe wa Anglican, Bambo Trevor Huddleston, amene anatumikira anthu a ku Sophiatown kuyambira 1943, nayang'aniranso sukulu ya St Peter's ku Rosettenville. Pa sukulupo panali mnyamata wa zaka 14, Hugh Masekela, wobvuta aphunzitsi kawirikawiri. Mnyamatayo anali ataona kanema wa munthu woimba lipenga, ndipo tsiku lina ali gone ndi matenda Bamboyo anamfunsa cimene mtima wace ufuna. Iye anayankha kuti akapeza lipenga sadzabvutanso munthu. M'caka ca 1954 Huddleston anampezera lipenga, ndipo sanalekere pomwepo: anapempha mtsogoleri wa bandi ya malipenga ya anthu akuda ya mzinda wa Johannesburg, amene anyamata amamucha Uncle Sauda, kuti amphunzitse ciyambi ca kaimbidwe. Anyamata ena ataona anadza nao kudzapempha. Bamboyo anayenda kwa abwenzi ace kupempha zoimbira cimodzi cimodzi, kufikira panabadwa Huddleston Jazz Band, m'mene munalinso Jonas Gwangwa, amene anadzakhala woimba wamkuru.

Masiku amenewo anali oipa. Lamulo la Bantu Education la 1953 linalanda masukulu m'manja mwa amishoni, ndipo St Peter's inatsekedwa mu 1956. Caka comweco Huddleston anacoka ku South Africa ataitanidwa ndi akuru a cipani cace. Ali pa ulendo ku America anakomana ndi Louis Armstrong, namuuza za anyamata ace. Armstrong, amene sanaiwale lipenga la ku Waif's Home, anatenga limodzi la malipenga ace nalitumiza ku Johannesburg, ndipo Masekela ndiye analilandira. Masekela anaturuka m'dziko lace mu 1960, nakhala kunja zaka 30, ndipo kuli konse anapita lipenga lace linanenera za nsautso ya anthu a kwao. Anamwalira mu 2018.

Aphunzitsi anzanga, tapenyani bwino anthu a m'nkhani iyi. Anyamata onse awiri anali a mtundu uja umene ife tikadanena kuti angaononge. Davis ndi Huddleston sanali anthu a cuma. Ndipo onse awiri sanapereke coimbira cokha: Davis anaphunzitsa yekha, Huddleston posadziwa kuimba lipenga anakafuna wodziwa.

KU BALAKA

Zotere zinacitikanso pafupi ndi kwathu. Ku Balaka, m'Malawi, anyamata ena motsogozedwa ndi Paul Banda anali kuimba ndi zoimbira zopanga okha. Wansembe wa cipani ca Montfort wocokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici, anawamva, nawathandiza kupeza zoimbira zenizeni ndi malo oimbiramo pa parishi. M'caka ca 1978 panabadwa Alleluya Band. Zoimbirazo zinali za gulu, ndipo cifukwa ca ico anyamata ena akaturuka kukayamba zao, ena amalowa m'malo mwao. Mng'ono wace wa Paul, Lucius Banda, amene anamwalira mu 2024, anakulira m'gulu lomweli, ndipo oimba ambiri a m'Malawi anadzera pa khomo limenelo, kotero kuti dzina la Balaka linasanduka dzina la maimbidwe. Cikhala kuti Bamboyo anapatsa mnyamata mmodzi gitala kuti akhale wace, tikadamva za woimba mmodzi. Popeza anasungiza gulu, tauni yonse inaimba.

MAGULU OSONKHANITSA ZOIMBIRA

M'zaka za pambuyo pace nchito imene anthu amaicita mmodzi mmodzi inasanduka ya magulu olongosoka. Ku Caracas, m'dziko la Venezuela, José Antonio Abreu anaitana acinyamata m'caka ca 1975 kuti adzaimbe pamodzi, ndipo tsiku loyamba anadza 11 okha. Nchito yace, yochedwa El Sistema, inafalikira m'dziko lonselo, ndi kubwereketsa zoimbira kwaulere kwa ana zikwi mazanamazana. Gustavo Dudamel, amene anasankhidwa kutsogolera gulu lalikuru la oimba la ku Los Angeles kuyambira 2009, anakulira m'menemo. M'masukulu ena a El Sistema ana ang'ono amayamba ndi vayolini wa mapepala, amene apanga pamodzi ndi makolo ao, kuti aphunzire kagwiridwe ndi kasungidwe asanalandire weniweni.

Mu 1992 mai wina woimba wa ku London, Rosemary Nalden, atamva pa wailesi za ana a ku Soweto osowa zoimbira, anasonkhanitsa oimba anzace oposa 100, naimba m'masiteshoni a sitima ku Britain tsiku limodzi, ndi kulandira ndalama kwa apaulendo. Koma anazindikira kuti ndalama ndi zoimbira zotumiza patali sizikwanira, ndipo mu 1997 anadza yekha ku Diepkloof, m'Soweto, natsegula sukulu ya Buskaid. Ophunzira akuru anaphunzitsidwa kuphunzitsa ang'ono, ndipo ena anaphunzira umisiri wokonza zoimbira. Mu 2009 woyendetsa ndege wa ku Britain, Jim Trott, anaona kuti malipenga akale 30 a bandi imene mwana wace amaimbamo ali pafupi kutayidwa. Anawanyamula kunka nao kwa ana amasiye ku Kampala, m'Uganda, ndipo umo ndimo linayambira gulu la Brass for Africa, limene pambuyo pace linafika ku Liberia ndi ku Rwanda. Nalonso linaona msanga kuti lipenga lopanda mphunzitsi ndi mmisiri wokonza silikhalitsa, ndipo linayamba kulemba nchito ana ace omwe amene anakula.

Kuno ku Lusaka, Evelyn Hone College, imene inatsegulidwa mu 1963, yaphunzitsa aphunzitsi ambiri a nyimbo, ndipo ku Kabulonga kunatsegulidwa sukulu ya nyimbo ya Ngoma Dolce. Ku Kabwata Cultural Village, m'tinyumba tija tozungulira totsala m'masiku a atsamunda, amisiri amasema ng'oma zimene alendo amagula kukapacika pa khoma kwao. Zonsezi nza m'tauni. Mwana wa ku Vubwi, wa ku Chadiza kapena wa ku Sinda sadzafika ku Kabulonga. Ngati coimbira cidzafika m'manja mwace, cidzadzera mwa inu.

BOKOSI LATHU

M'mbiri yonseyi ndiona zinthu zinai zimene sizisowa pamene nchito inakhalitsa: coimbira cikhala ca gulu, pali wophunzitsa, pali wokonza, ndipo wophunzira wa lero aphunzitsa wa mawa. Pamene cimodzi ca izi casowa, mphatso ithera m'bokosi kapena pa msika.

Ndinatenga mau amenewa kunka nao kwa mkuru wa sukulu ndi kwa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndipo titakambirana kawiri anabvomera kuti tiyese temu imodzi. Ine sindidziwa kuimba lipenga. Koma mumpingo mwathu muli mkuru wina amene anapuma nchito ya upolisi, ndipo anaimba m'bandi zaka zambiri. Titampempha anangofunsa tsiku. Loweruka loyamba sanalole mwana ali yense kuimba. Anaphwasula malipenga pamaso pao, nawatsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, nathira mafuta pa timabatani, ndipo awiri anayamba kulira. Lacitatu linakana kufikira lero. Ng'oma tinapita nayo kwa mkuru wina wosema ng'oma, naikunga ndi cikopa ca mbuzi.

Tinagula kope lalikuru limodzi. M'menemo tilemba nambala ya coimbira, dzina la mwana, tsiku lotenga, tsiku lobweza ndi cirema ciri conse cimene coimbira ciri naco. Kholo lifika lokha kudzalemba dzina kapena kudinda cala, kuti kunyumba adziwe kuti cinthuco si coseweretsa makanda. Mwana ayamba ndi citoliro, ndipo atenga lipenga pokhapo ataonetsa kuti sajomba ndi kuti adziwa kulitsuka. Wojomba Loweruka katatu popanda cifukwa abweza. Amene wadziwa nyimbo zitatu apatsidwa ang'ono awiri oti awaphunzitse. Asungwana alembedwa cimodzimodzi ndi anyamata, ngakhale makolo ena poyamba anadodoma, ndipo lero amene aimba lipenga momveka bwino kuposa onse ndi msungwana wa Grade 6.

Sindibisa, nkhwangwa inagulukadi. Temu isanathe mnyamata wina anagwa nalo lipenga pothamangira mvula, nilibinyika kukamwa kwace kwakukuru, ndipo citoliro cimodzi cinapita ndi mwana amene makolo ace anasamuka usiku osatsazika. Mnyamata uja anadza yekha m'mamawa alikulira, lipenga lokulunga m'malaya. Ndinapita naye kwa mkuru amene anandiuza mwambi uja, mtima uli phaphapha. Iye analiyang'ana nthawi yaitali, namuuza mnyamatayo kuti aliombe. Linalira. Pamenepo anati, "Nkhwangwa ikaguluka amaibwezera mumpini. Pita nalo kwa aphunzitsi ako a Loweruka, ukaone m'mene aongolera." Mfungulo ya bokosi asunga ndi iye yemweyo, ndipo ndiye alemba m'kope.

Kwa inu amene mulibe bokosi, musayembekeze sitima ya kutsidya kwa nyanja. M'mudzi uli wonse muli nkhalamba ya kalimba kapena ya bangwe imene ilibe woisiyira luso lace, muli wosema ng'oma, muli mnyamata wodziwa kupanga banjo. Sukulu ikhale ndi ng'oma zace ziwiri ndi makalimba angapo, zolembedwa m'kope monga mabuku a kalasi. Funsani abusa kapena ansembe ngati pa mishoni palibe zoimbira zogona. Lemberani ana a sukulu yanu akale amene ali m'tauni, pakuti magitala ambiri alendewera pa misomali m'nyumba za ku Chelstone ndi ku Woodlands, eni ace ataleka kuimba. Kupatsa nkuika, anatero akuru, ndipo munthu apereka mosabvuta akadziwa kuti pali kope, pali mphunzitsi, ndi kuti cinthu cace cidzalira. Ndipo inu amene muli nalo bokosi, pitani mukalitsegule temu ino.

Ndingakondwe kumva m'kope likudzali la nyuzi yathu umo anzanga a m'madera ena acitira pa nkhani imeneyi.

Ndine mnzanu pa nchito,
Mphunzitsi, Lilayi.